Mabedi Ofika M'mawondo

Chaka chimene ndikunenachi si cha njala yaikulu ija ya fote naini. Imeneyo inali itadutsa, ndipo tinali titalowa m'zaka za Chitaganya, pamene pabwalo paliponse nkhani inali ya Azungu a ku Halale ndi ya malimidwe. Njala yangayi inali yaing'ono, yongokhudza midzi yathu ya pakati pa Chileka ndi Lirangwe, moti anzanga ena a msinkhu wanga anayiiwala kalekale. Ine sindingayiiwale. Pakhomo panga sipanafe munthu, koma ndinalowa m'chakacho ndili ndi ana awiri m'nyumba, n'kutulukamo ndili ndi mmodzi.

Tinabadwa awiri, ine Filesi ndi mng'ono wanga Edesi. Agogo athu anachokera kwa Apwitikizi atasenza mitolo pamutu, ndipo malo amene anapatsidwa ndi omwe tinagawana ife mayi atatisiya. Nyumba zathu zinali zoyang'anizana, pakati pali mtengo umodzi wa mango. Amuna anga, a Jailosi, anapita ku Halale kukafuna ntchito, n'kundisiya ndi Dorofe wa zaka zisanu komanso pakati pa miyezi itatu. Pakatipo ndi pamene panabadwa Jemusi. Makalata anabwera awiri, kenako zii.

Edesi amuna ake anali nawo pafupi. A Laisoni ankalima maluwa ndi ndiwo pa nyumba ya Mzungu wina ku Chileka, ndipo Loweruka lililonse ankatulukira pa njinga akuliza belu, kumbuyo atamangirira kaphukusi ka shuga kapena sopo. Ndikamva belulo ndili pa mtondo, musi unkayamba kundilemera. Ndisabise, Edesi ndinkamuchitira nsanje. Zoti iye analibe mwana sindinkaziwerengera n'komwe. Anabereka katatu, ndipo ana onse atatu anabwerera asanatuluke m'chikuta.

Okutobala

Mwezi umenewu kwathu kuno ngakhale nkhuku zimayenda zitayasama. Ife tinali pa kalikiliki wounga mizere, chifukwa akapitawo a malimidwe ankayendera minda ndi chingwe, ndipo amene mizere yake yatsata kutsetsereka kwa malo ankamuimba mlandu. M'masiku amenewo alamu anga anapempha tchuthi cha masiku atatu, n'kuyamba kututira kuseri kwa nyumba yawo zidutswa za njerwa, dothi la pachulu ndi manyowa a m'khola la mbuzi.

Pofika tsiku lachitatu kuseriko kunali mabedi atatu obzalamo ndiwo, lililonse ngati mphasa ziwiri zolumikiza, m'mbali atatchinga ndi njerwa. Kukwera kwake kuchokera pansi kunali chikhatho chimodzi basi. Pamwamba anayala udzu wouma, ndipo anakumba kangalande kochokera kubafa kuti madzi osamba asamangotayika. Amayi a m'mudzi ankapatuka pochokera kumadzi kudzaona. Dimba tinkalidziwa la kudambo. Ili la kuseri kwa nyumba, lokwezeka pamwamba, linali lachilendo.

Nanenso ndinapita, ngati wongodutsa. Ndinapeza Edesi atakhala pansi ndi lichero, akumasula timitolo ta mbewu timene ankasunga kudenga.

"Ndiye mubzala chiyani m'nyumba za njerwazi?" ndinafunsa.

"Umu bonongwe ndi luni, achemwali. Umu mnkhwani ndi khobwe, tizithyola masamba. Ili la therere. M'mbalimo tsabola ndi mpungabwi wothamangitsa tizilombo."

Ndinaseka mpaka Jemusi anadzidzimuka kumbuyo. "Bonongwe wa kudzala uja mwamumangira nyumba ya njerwa? Ine ndimayesa mubzala za kwa adona."

"Za kwa adona zimafuna mpopi, alamu," anayankha a Laisoni akupukuta thukuta. "Chachilendo ndabweretsa chimodzi chokha." Anandionetsa tinjere tozungulira, n'kunena kuti ameneyo ndi dania, amene Amwenye a masitolo ku Lirangwe amamufuna tsiku ndi tsiku. Atamera ndinadzamununkhiza, fungo lake la nsikidzi zenizeni.

"Loweruka likubwerali ndidzakukonzereni anu awiri," anatero alamuwo.

"Manja ndili nawo," ndinatero ine.

Ndinakonza anayi. Njerwa ndinalibe, choncho ndinaunjika miyala n'kukhoma zikhomo za mitengo, kenako n'kumathira dothi mpaka mabedi anandifika m'mawondo. Ndinkafuna kuti munthu wodutsa panjira aziona anga asanaone a Edesi. Alamu atabwera Loweruka anaima pampanda nthawi yaitali, akukanda m'mutu.

"Alamu, mwakwezetsa. Bedi lalitali chonchi dzuwa ndi mphepo zimaliwomba mbali zonse. Mvula ikachuluka mudzasangalala, koma ikadula mudzalira ndi madzi."

Ndinaganiza kuti akuwawidwa mtima poona kuti mkazi wopanda mwamuna wawaposa.

Novembala

Kumayambiriro kwa mwezi ndinapita ku Lirangwe tsiku la msika. Ndinakoka mbuzi yanga, yomwe inali imodzi yokhayo, pamutu nditasenza dengu la chimanga cha m'nkhokwe. Ndinali nditamva kuti chiyambire Chitaganya ndege zachuluka ku Chileka, ndi kuti Azungu otsikamo amagula masamba awo osanenerera. M'mutu mwanga ndinali nditagula kale njinga, yokhala ndi belu lomveka kuposa la alamu.

Wogulitsa mbewu anali Che Saidi, Msilamu wa ndevu zoyera amene ankayala katundu wake pa chiguduli pafupi ndi osoka zovala. Mbali imodzi anaika mbewu zathu zoyezera pa supuni. Mbali inayo panali mapaketi okhala ndi zithunzi: kabichi wozungulira ngati mutu wa mwana, kaloti wofiira psuu, letesi, ndi china choyera chimene anati ndi kolifulawa. Maso anga sanachoke pamenepo.

"Amama, izi n'za m'chisanu," anatero Che Saidi. "Mufese mu Epulo kapena Meyi. Panopa tengani mpiru pang'ono, kapena khobwe uyu. Chaka chino mphepo yake sindikuimvetsa."

"Khobwe ndingachokere kwathu kudzagula khobwe?"

"Nanga mphwanu uja wabzala chiyani? Si mkazi wa a Laisoni ameneyo?"

Akanapanda kumutchula Edesi mwina ndikanamvera. Ndinatenga mapaketi onse anayi, n'kuwonjezera keni yothirira yonyezimira, chifukwa alamu anali ndi yakale yotoboka. Mbuzi ndi dengu la chimanga zinathera pamenepo. Pobwerera ndinasenza keniyo pamutu osaikulunga, kuti aliyense aione.

Mvula yoyamba inagwa chapakati pa mwezi, yamphamvu, fungo la dothi n'kudzaza mudzi. M'mawa mwake aliyense anathamangira kumunda ndi mbewu ya chimanga. Ine ndinabzala theka, n'kubwerera kukamanga kamthunzi pamwamba pa nazale yanga, poopa kuti madontho angakwirire timbewu ta adona. Theka linalo ndinakabzala patapita masiku khumi, nthaka itayamba kale kuuma. Edesi anamaliza munda wake wonse m'masiku awiri, poti mabedi ake sankafuna womulera.

Disembala

Mvula inagwanso kawiri, kenako inadula. Mitambo inkasonkhana masana cha ku Michiru, ife n'kumaanula zovala, koma pofika madzulo kumwamba kunkayera mbee. Chimanga chinayamba kupota masamba. Chobzala mochedwa chija chinamera patalipatali, china n'kufera m'nthaka.

Mabedi anga anayamba kundilamulira. Ndikathira keni yathunthu m'mawa, pofika masana dothi linali litang'ambika, madzi atatulukira m'mbali mwa miyala. Ndinkapita kumtsinje kasanu ndi kawiri pa tsiku, Jemusi ali kumbuyo, khosi likuchita kulira. M'manyowa munkamera bonongwe yekha, wobiriwira bwino kuposa kabichi, ndipo ndinkamuzula n'kumutaya kunja kwa mpanda kuti anthu asanene kuti ndatengera kwa Edesi.

Kwa Edesi kunali kobiriwira bii. Ankathira ndowa imodzi m'mawa, ina madzulo, zina zonse kangalande ka kubafa n'kumamugwirira ntchito. Anali atayamba kale kuthyola. Dorofe wanga ankakhalira komweko, poti mayi ake aang'ono anamupatsa kangodya kakekake kobzalapo anyezi.

Tsiku lina tinali pachitsime chimene tinakumba mumchenga wa mtsinje, amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi, tikudikirana kuti madzi adikhe. Nkhani inali ya Edesi. Wina akuti mkazi uja ali ndi dzanja, wina akuti luni wake ndi wa masamba aakulu ngati wa kudambo. Ine ndinali pa ulendo wachisanu tsiku limenelo, ndipo palibe amene anatchulako mabedi anga.

"Mabedi amenewo?" ndinatero. "Ine ndimangoona ngati mitumbira. Itatu ndendende. Mwina n'chifukwa chake amaithirira m'mawa ndi madzulo."

Palibe anaseka. Panangomveka chikho chikukanda mchenga. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana, n'kusenza mtsuko wake usanadzaze.

Mawuwo anafika kwa Edesi ine ndisanafike kunyumba. Sanabwere kudzandifunsa. Moni ankandipatsabe, koma ataima kumbali yake ya mtengo wa mango, ndipo pa Khirisimasi aliyense anadyera kwake.

Januwale

Letesi sanachite mutu. Anangotumphuka n'kutalika ngati fodya, pamwamba n'kutulutsa timaluwa tachikasu. Kabichi mbozi zinamuboola mpaka masamba anasanduka sefa. Kolifulawa sindinamuone nkhope yake mpaka lero. Kaloti nditazula mmodzi ndinapeza kamchira ka khoswe.

Ndinasankhabe zooneka bwinoko, n'kuziyala m'dengu, pamwamba nsalu yonyowa. Ndinayenda wapansi mpaka ku Chileka. Nyumba ya bwana wa alamu ndinailambalala dala. Pa nyumba ina ndinagogoda kukhomo la kuseri, ndipo panatuluka khukhi wovala zoyera. Anavundukula nsalu, n'kuthyola tsamba la letesi, kulilawa, kenako kulilavula.

"Mayi, uyu wakalamba, akuwawa ngati kwinini. Adona ali ndi gadeni yawo. Mulibe mnkhwani? Ife antchito kuno ndiye tikuvutika ndiwo."

Ndinayesa nyumba zina ziwiri. Pa yachitatu galu ndi amene anandiyankha. Ndinabwerera ndi dengu langa, ndege ikudutsa pamwamba panga, ine mapazi atatupa.

Madzulo ake ndinati zisatayike. Ndinadula letesi uja n'kumuphika ngati mpiru, n'kutendera ndi tinsinjiro totsalira. Mumphika munangotsala madzi obiriwira ndi zinthu zoterera. Dorofe analawa kamodzi n'kundiyang'ana.

"Amayi, Azungu amadya zimenezi tsiku lililonse?"

"Idya, usandifunse za Azungu."

Nkhokwe inatha mwezi usanathe. Dengu lija ndinagulitsa likanatifikitsa mu Febuluwale, ndipo mbuzi ikanatigulira ena awiri. Ku Lirangwe mtengo wa chimanga unkakwera msika uliwonse, mbale yoyezera n'kumachepa. Mphekesera ndiye zinali zambiri kuposa chakudya. Ena ankati chimanga chathu chikukwezedwa sitima kupita ku Halale. Ena ankati boma libwera kudzalemba maina kuti ligawe ufa, moti tsiku lina tinakakhala pamsewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osabwera munthu. Amuna ambiri analowera ku Blantyre kukasaka maganyu. Amayi ankagulitsa mbale ndi nsalu zawo. Ife tinkadya phala la madeya kamodzi pa tsiku, ndipo mango a mumtengo uja tinawaphika onse.

Chimanga cha Edesi nachonso chinapsa, koma iye sanagone ndi njala. Kawiri pa mlungu ankasenza dengu la masamba kupita ku Lirangwe. Dania wonunkha nsikidzi uja Amwenye ankamusinthanitsa ndi ufa kapena mpunga wosweka, ndipo zotsala pa bonongwe ndi chitambe ankazifutsa n'kuyanika padenga. Utsi wa kukhitchini kwake unkafuka kawiri pa tsiku. Ndinkauwerenga ndili pakhonde panga.

Febuluwale

Ndinamuletsa Dorofe kudutsa mtengo wa mango. Edesi anali atatumiza mbale ya ufa kawiri, ndipo kawiri konse ndinaibweza, poti ndinkaona ngati akufuna kundionetsa kuti wapambana. Tsiku lina ndinamupeza mwanayo kuseri kwa bafa la Edesi akudya mbatata ndi chitambe, akumeza mothamanga ngati wakuba. Ndinathyola kanthambi n'kumukwapula m'miyendo. Sanalire mokweza. Anangopukuta pakamwa n'kunditsatira.

Mkaka wanga unayamba kuuma. Jemusi ankayamwa n'kulavula bere, tsitsi lake n'kuyamba kufiira. Ndinkapita kukapalira m'minda ya ena kuti andipatse chinangwa, koma ofuna ganyu tinali ambiri kuposa minda. Mabedi anga ndinali nditasiya kuwathirira. Anangoima pamenepo, anayi, ouma gwa, ndipo aliyense wodutsa panjira ankawaonadi poyamba monga ndinkafunira.

M'mawa wina tikupita kumtsinje, Dorofe anakhala pansi pakati pa njira.

"Tiye, dzuwa likukwera," ndinatero.

"Amayi, njira ikuzungulira."

Ndinamugwira dzanja kuti ndimudzutse, ndipo ndinamva mafupa okhaokha. Mwana wanga ndinkagona naye mphasa imodzi, koma ndinali ndisanamuone bwinobwino kwa milungu ingapo, maso anga ali kwa Edesi. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinasiya mtsuko pomwepo, n'kumunyamula kutsogolo, Jemusi ali kumbuyo, mpaka kunyumba. Nditamugoneka, ndinadutsa mtengo wa mango.

Edesi anali kuseri, akuthyola therere.

"Odi," ndinatero.

"Fikani, achemwali. Kapena mukuopa, poti kuno n'kumanda?"

Ndinagwada pafupi ndi njerwa. "Ndinalakwa, Edesi. Pakamwa pangapa."

"Mawu aja sanachokere pakamwa. Munali mutawasunga." Sanakweze mawu, ndipo manja ake sanasiye kuthyola. "Ana anga atatu munawanyamula ndi inu, achemwali, pamodzi ndi amayi aakulu a m'mudzi muno. Ine sindinaloledwe kupita. Inu ndi amene mukudziwa pamene anagona. Ndiye mukakaima pachitsime n'kumawawerenga?"

Ndinangoti, "Dorofe wagwa panjira."

Apo ndiye anasiya therere. Anathamangira kwanga osandidikira, n'kubwera atamunyamula mwanayo. Anamuphikira phala la ufa woyera lothira shuga, n'kumamumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, ine nditakhala pakhomo ngati mlendo. Mwana atagona, Edesi anatuluka n'kukhala moyang'anizana nane.

"Dorofe akhale kuno. Azidya kuno, azigona kuno. Inu muzilandira mbale ya ufa ndi ndiwo tsiku lililonse, kuti mkaka ubwerere."

"Azidya kuno, koma azigona kwathu."

"Iyayi. Mawa mudzakwiyanso, n'kumuthyolera kanthambi. Mwana wa mchemwali wanga ndi mwana wanga, mwambo mukuudziwa. Sindikupempha chachilendo."

Sankanama. Kwathu kuno mwana kukulira kwa mayi ake aang'ono si nkhani. Koma ndinaona mmene ankayang'anira chitseko chimene mwanayo anagona kuseri kwake, ndipo mtima wanga unandiuza kuti ndikane. Jemusi analira kumbuyo, kulira kopanda mphamvu.

"Mpaka tikolole," ndinatero.

"Mpaka mukolole."

Madzulo ndinapititsa kansalu kake kofunda ndi kadiresi kake kamodzi.

Malichi

Mvula inabwerera itachedwa, chimanga chambiri chitapita kale. Inathandiza maungu, mbatata ndi nandolo. Ine ndinatenga khasu n'kugumula mabedi anga mpaka anatsala chikhatho chimodzi, n'kuyala udzu pamwamba monga ndinaonera kwa alamu. Sindinafese kanthu. Bonongwe anamera yekha, ndipo ulendo uno ndinamusiya. Mkaka unabwerera, Jemusi n'kuyamba kuyenda chogwira zipupa.

Koma mwezi umenewu ndi umene unandipweteka kuposa wa njala. Ndinkakhala pakhonde n'kumaona mwana wanga akunenepa pakhomo pa wina. Edesi ankamuluka tsitsi pansi pa mango. Alamu anamubweretsera diresi la maluwa kuchokera ku Chileka, ndipo Loweruka ankamukweza pa njinga kuzungulira bwalo, iye akuliza belu. Ndinkamumva akuseka, kuseka kumene kwanga anali atasiya. Ndinkayenera kuthokoza, ndipo pamaso pa anthu ndinkathokozadi.

Mbale ya ufa ankabweretsa ndi Dorofe yemweyo. Tsiku lina anagwada bwinobwino, n'kuika mbale pansi.

"Amayi akuti ndiwo za lero ndi luni."

"Amayi ako ati?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumene wachokera, n'kuyamba kuseweretsa mphonje ya diresi. Sindinamufunsenso.

Meyi

Ndinakolola madengu ochepa, koma ndi nandolo ndi mbatata ndinaona kuti tifika. Tsiku limene ndinathira dengu lomaliza m'nkhokwe ndinatumiza mawu kwa Edesi. Ndinasesa nyumba, ndinazira pansi, ndinagula mphasa yatsopano. Nkhuku imene mnzanga wina anandipatsa kuti ndiyambire kuweta ndinaipha.

Edesi sanazengereze, ndimupatse ulemu wake. Masana anabwera yekha atamugwira mwanayo dzanja, m'dzanja linalo kamtolo ka zovala.

"Mwakolola, achemwali. Nayu mwana wanu."

Anatembenuka msangamsanga, osadikira kuti ndimuyalire mphasa. Nkhope yake sindinaione.

Dorofe anakhala pamphasa yatsopano, miyendo atatambasula bwino, kamtolo kali pambali pake. Ndinamupatsa ntchafu ndi chiwindi. Anadya mwaulemu, osatayira, n'kunena kuti zikomo. Anatsuka mbale ndisanamuuze. Anasewera ndi Jemusi pang'ono. Ndinamuonetsa mabedi anga, mmene tsopano munali mpiru ndi khobwe, n'kumuuza kuti asankhe lake lathunthu, osati kangodya chabe.

"Ali bwino," anatero. "Koma udzu mwayala wochepa."

Dzuwa litapendeka, nthawi imene anthu amathirira, ndinaona akuyang'anayang'ana kunja. Kenako anatenga kamtolo kake, kamene sanakamasule n'komwe, n'kudzagwada patsogolo panga.

"Ndingapite kwathu tsopano? Anyezi anga sanathiriridwe."

Ndikanatha kukana. Pangano linali litatha, mwana anali wanga, ndipo palibe m'mudzi muno akanandinena. Ndinayang'ana miyendo yake, yonenepa bwino, yomwe ija ndinaikwapula chifukwa cha mbatata. Kutsidya kwa mango Edesi anali atakhala pakhonde chofulatira, lichero lili pamiyendo, koma manja ake sankapeta.

"Pita," ndinatero. "Ukawauze amayi ako kuti ndathokoza."

Anathamanga osacheuka.

Papita zaka zambiri tsopano. A Jailosi sanabwerere. Jemusi ndiye anandisunga, ndipo ndiwo za kuseri kwa nyumba yanga anthu amachokera nazo kutali kudzagula. Dorofe anakulira kwa Edesi, anakwatiwira kwa Edesi, ndipo pa ukwati wake ine ndinali m'gulu la ophika. Masiku ano amakhala ku Limbe. Akabwera ndi ana ake amatsikira kwa Edesi, amamasula katundu, amasamba, amadya. Ine ndimakhala nditasintha kale nsalu, ndili pakhonde, ndikumva kuseka kwawo. Dzuwa likapendeka ndi pamene ndimamumva akuwauza anawo kuti, "Tiyeni tikapereke moni kwa amayi aakulu."